Kutchula magwero m'zolemba za maphunziro a zaumoyo

Pali lamulo loti wophunzira unamwino kapena udokotala asonyeze kumene watenga mfundo iliyonse imene si yake. Njira zofala zilipo ziwiri. Ya Vancouver, yomwe inayamba pa msonkhano wa akonzi a magazini a zachipatala ku Canada mu 1978, imaika kanambala pambali pa mfundo, ndipo mabuku amandandalikidwa kumapeto motsata manambalawo. Ya APA imatchula dzina la wolemba ndi chaka m'chiganizo momwemo. Koleji iliyonse imasankha yake. Cholakwika ndi kusakaniza ziwirizi m'pepala limodzi.

Ophunzira ena amati zimenezi n'zongovutitsa, makamaka kwa amene akuphunzira ntchito ku chipatala cha Embangweni kapena cha boma ku Mzimba, komwe mabuku ndi ochepa ndipo intaneti imadya ndalama. Dandaulolo n'lomveka, chifukwa mpumiro woikidwa molakwika sunaphepo munthu. Koma chaka cha buku si nkhani ya mpumiro. Mu 1993 dziko la Malawi linasiya chloroquine n'kuyamba Fansidar pochiza malungo, ndipo mu 2007 Fansidar nayenso anapereka malo kwa LA. Wolemba za malungo osatchula chaka angathe kupereka malangizo otha ntchito ngati atsopano, ndipo namwino wa ku Champhira amene akuwerenga alibe podziwira. Gwero limamupatsa mpata wokafufuza yekha asanapereke mankhwala kwa mwana wotentha thupi. Choncho mphunzitsi wobweza pepala losatchula chaka sanalakwe.