Msilamu ndi Voti: Tachokera Kutali

Tsiku lina tikudya futari pakhonde la mzikiti kuno kwa Chisemphere, mnyamata wa Fomu 4 anatiuza kuti iye sadzavota, ati ndale ndi za eni ake. Mawu otere amamvekanso kwa achinyamata ena achisilamu ku France, kumene lamulo la 2004 linachotsa hijab m'sukulu za boma. Koma kwathu kuno maganizowa ali ndi mizu yakeyake.

Nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali za amishoni. Makolo ambiri ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota sanatumizeko ana poopa kuti akabatizidwa n'kusinthidwa mayina. Anasunga Deen, ndipo sitingawadzudzule. Komabe ntchito za ukalaliki ndi uphunzitsi zinapita kwa ena, ndipo Msilamu anazolowera kuonera za boma patali. Maesiteti a fodya atachuluka ku Kasungu m'zaka za m'ma 1970, ena mwa makolo athu anafika kuno ngati matenanti, anthu osafunsidwa maganizo ngakhale pa mtengo wa fodya wolima okha.

Zinthu zinatembenuka mu 1992. Bungwe la Muslim Association of Malawi linalowa mu Public Affairs Committee pamodzi ndi mipingo, kukambirana ndi boma la Kamuzu mpaka riferendamu ya pa 14 June 1993. Mu 1994 Bakili Muluzi anakhala pulezidenti, sukulu ya pulaimale inakhala yaulere, ndipo m'zaka zake Eid-ul-Fitr inakhala tchuthi cha dziko lonse.

Apa ndi pomwe tinawodzera. Tinaganiza kuti Msilamu mmodzi ku Sanjika watikwanira tonse. Chisankho cha 1999 chitatha, mizikiti inatenthedwa kumpoto. Mu 2000 silabasi ya Religious and Moral Education, yomwe inkaphunzitsanso za Chisilamu, inaimitsidwa mipingo itadandaula, pulezidenti ali yemweyo.

Yerekezani ndi nkhani ya hijab. Mkangano unabuka ku Balaka mu 2019 pa sukulu za mpingo wa Anglican, ana n'kukhala pakhomo osaphunzira. Mgwirizano wa 2021 wolola hijab m'sukulu zotere unabwera popanda Msilamu pampando wapamwamba. Unachokera pa tebulo la PAC, atsogoleri atakambirana miyezi yambiri.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndife 13.8 peresenti. Mnyamata uja tinamufunsa kuti mu komiti ya sukulu yake muli Asilamu angati. Anawerenga zala, n'kupeza mmodzi, gogo wosalemba, yemwe sajomba msonkhano.