Kodi Kalulu Anavala Liti Jekete?

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu a ku Nyimba ndi Petauke, nthano ya chitsime mumaidziwa bwino. Kunagwa chilala, nyama zonse zinakumba chitsime, koma Kalulu anakana kukumba nawo. Pambuyo pake ankabwera mozemba kudzaba madzi, kufikira Fulu anamgwira ndi ulimbo umene anadzimata pamsana. Pamene agogo ankasimba nthanoyi madzulo, inu n'kumavomera kuti "tili tonse", panalibe chithunzi. Aliyense ankadzionera Kalulu wake m'maganizo. Koma nthano ikalowa m'buku, munthu mmodzi amasankhira ana onse maonekedwe a Kalulu, ndiye wojambula zithunzi.

Kuti tione mphamvu ya munthu ameneyu, tiyeni timtsate Kalulu pa ulendo wautali. Nthano za kalulu wochenjera zinaoloka nyanja pamodzi ndi anthu a mu Africa amene anatengedwa ukapolo kunka ku America. Kumeneko anapatsidwa dzina lakuti Brer Rabbit, ndipo m'malo mwa ulimbo wa Fulu anakodwa pa chidole cha phula lakuda. M'chaka cha 1880 mzungu wina, Joel Chandler Harris, anasindikiza nthanozi m'buku lotchedwa Uncle Remus. Zithunzi zoyamba anajambula ndi Frederick Church ndi James Moser.

Patapita zaka 15, mu 1895, bukuli linatulukanso ndi zithunzi zatsopano za A. B. Frost. Nthano zinali zomwe zija, koma Kalulu wa Frost anaima chilili ndi miyendo iwiri, atavala buluku ndi jekete ngati mlimi wa kumeneko. Zithunzizi zinakondedwa kwambiri, kotero kuti Harris mwiniwake anavomereza kuti Frost walisandutsa bukulo kukhala lake. Ku England nako mayi wina, Beatrix Potter, anayesa kujambula nthano zomwezi asanatulutse buku lake la Peter Rabbit mu 1902, la kalulu wa jekete yobiriwira ngati thambo.

Komabe m'mabuku akalewo munali chinthu chowawa. Wosimba nthano anali nkhalamba yachikuda imene inakhalapo kapolo, ndipo ankaionetsa ngati munthu wokhutira ndi moyo umenewo, ikusangalatsa mwana wa mzungu. Adzukulu a akapolo sanakondwe nazo, ndipo ine ndiona kuti sanalakwe. Mu 1987 anthu awiri akuda a ku America anakonza bukuli mwatsopano: Julius Lester analembanso nthanozo, Jerry Pinkney najambula zithunzi. Nkhani ya nkhalamba ndi mwana wa mzungu anaichotsa, nasiya nthano zokha. Jekete ija yokha Kalulu sanavule.

Kuno kwathu nako Kalulu analowa m'mabuku nthawi ya atsamunda. Frank Worthington, amene anagwirapo ntchito m'boma la Northern Rhodesia, anatulutsa buku la Kalulu the Hare mu 1937, m'Chingelezi. Bungwe losindikiza mabuku a m'zinenero zathu, la Northern Rhodesia ndi Nyasaland pamodzi, linayamba mu 1948, ndipo ufulu utabwera ntchito ya mabuku a sukulu inapitirira ndi kampani ya NECZAM kuyambira mu 1967.

Tsono mukatenga buku la nthano m'kalasi, musathamangire mawu okha. Yang'anitsitsani chithunzi. Kalulu wa m'tchire lathu ali ndi makutu aatali ndi miyendo yakumbuyo italiitali. Sakumba una, amagona pa udzu. Kalulu wa Beatrix Potter ndi mtundu wina, wonenepa, wokhala kuuna. Kodi amene ali m'buku lanulo ndi uti? Nanga mtengo umene waima pafupi ndi chitsime ndi mlambe, msuku, kapena mtengo umene simunauonepo m'chigwa cha Luangwa? Mayi wotunga madzi wasenza mtsuko kapena chidebe? Palibe chimene chinagweramo mwangozi. Zonsezi wojambula anachita kusankha.

Inu aphunzitsi, sabata ino simbirani ana nthano ya chitsime buku lili chitsekere. Kenaka muwapatse mapepala, kapena atuluke panja akajambule pamchenga nthawi imene Kalulu anakanirira pamsana pa Fulu. Akatha, ndiye mutsegule buku, ayerekeze zawo ndi za wojambula. Muone ngati pali wina amene wamveka Kalulu jekete, ndipo mumfunse kumene anaiona.