Kuthandiza Wodwala Amene Ali ndi Zizolowezi Zingapo za Zoledzeretsa

Kawirikawiri munthu sakodwa ndi cinthu cimodzi cokha. Wakumwa kacasu angakhalenso wokoka camba ndi fodya. Wina amaphatikiza mowa ndi mapilisi ogonetsa monga diazepam, mankhwala a cifuwa okhala ndi codeine, kapena heroin. Pocilitsa munthu wotere, madokotala amaona zizolowezi zonse pamodzi, cifukwa akasiya cimodzi, wodwala angaonjezere cinaco.

Coyamba ndi kufufuza. Dokotala afunika kudziwa zonse zimene wodwala amagwiritsa nchito, kuculuka kwake, ndi tsiku limene anatenga komaliza. Amapimanso HIV, TB, ciwindi ndi matenda a maganizo. Acibale asabise kanthu cifukwa ca manyazi, pakuti mankhwala amasankhidwa potengera mayankho amenewa.

Caciwiri ndi kuleka mosamala. Kuleka mowa mwadzidzidzi kungaphe munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka. Kunjenjemera ndi thukuta zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24, kenaka angagwe ngati wakhunyu, ndipo pa tsiku laciwiri kapena lacitatu angayambe kubwebweta ndi kuona zinthu zomwe palibe. Diazepam nayenso amacepetsedwa pang'onopang'ono. Conco kutsekera munthu wotere m'nyumba kuti "zicoke m'thupi" n'koopsa. Malo ake ndi ku cipatala.

Cacitatu ndi kusankha mankhwala ogwirizana. Naltrexone amacepetsa cilakolako ca mowa, koma saperekedwa kwa munthu amene akali kutenga heroin kapena codeine, cifukwa amamudwalitsa koopsa nthawi yomweyo. Methadone amathandiza a heroin, koma akasakanizidwa ndi mowa kapena diazepam angaimitse kupuma. Naloxone amatsitsimula munthu wokomoka ndi heroin kapena codeine, koma sacotsa mphamvu ya mowa, motero wokomokayo athamangitsidwe ku cipatala ngakhale atatsegula maso.

Comaliza ndi uphungu wa nthawi yaitali, wokhudza zizolowezi zonse, ngakhale fodya. Munthu akaleka kwa masabata angapo, thupi silithanso kupirira muyezo wakale, ndipo akabwerera ku muyezo umenewo angafe. Kubwerera sikutanthauza kuti cithandizo calephera. Abwezeredwe msanga kwa aphungu.

Cithandizo cimayambira pa kiliniki yapafupi. Ku Lusaka kuli cipatala ca Chainama Hills, ndipo bungwe la Drug Enforcement Commission limaperekanso uphungu.