Bangula: Tauni ya Alimi M'mphepete mwa Shire

Bangula ndi tauni yaing'ono ya m'boma la Nsanje, m'dera la Mfumu Yaikulu Mbenje. Ili pa msewu wa M1, pafupifupi makilomita 130 kuchokera ku Blantyre. Munthu akatsika mapiri a Thabwa nadutsa pa Nchalo ndi pa Ngabu, amafika pa Bangula asanapitirire ulendo wa ku boma la Nsanje.

Dera lonseli ndi lachidikha, ndipo kutentha kwake kumaposa madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Mvula imagwa yochepa ndi yosadalirika, komabe madzi osefukira ndiwo amene amasautsa anthu koposa, pakuti mvula yogwa ku mapiri a Thyolo ndi Mulanje imathera kuno. Patsidya pa Bangula, pa Chiromo, ndi pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Chakumpoto kuli dambo lalikulu la Dabanyi, limene David Livingstone analitcha Elephant Marsh atapezamo njovu zambirimbiri mu 1859. Njovuzo zinatha kalekale. Zatsala ndi mvuu, ng'ona, mbalame ndi nsomba. Mu 2017 damboli linalowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Chakumadzulo kuli nkhalango ya nyama ya Mwabvi.

Anthu ake ndi Amang'anja, eni nthaka akale, ndi Asena amene makolo awo ambiri anachokera ku Zambezi pothawa nkhanza za thangata la Apwitikizi. Chifukwa chake pamsika timamva Chisena ndi Chimang'anja zikusinthana m'kamwa mwa munthu mmodzi.

Mbiri ya tauniyi siingalekanitsidwe ndi njanje. Njanje yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, yodzera pa Chiromo. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, sitima zinayamba kuyenda osaduka mpaka ku doko la Beira, ndipo katundu wochuluka wa dziko lino ankadutsa pano. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira imeneyi m'zaka za m'ma 1980. Kenaka mu 1997 madzi anakokolola njanje ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, nasiya phompho lodzala madzi pa malo otchedwa Mtayamoyo. Kuyambira pamenepo anthu a kutsidya, a ku Makhanga ndi Muona, anayamba kuwoloka pa mabwato ndi njinga zawo, matumba a mbewu ndi odwala awo amene. Ife tikuona kuti palibe tsoka lina limene linabweza m'mbuyo malonda a pa Bangula kuposa limeneli: tauni imene inali pamphambano inasanduka malo ongodutsapo. Mu 2022 boma linayamba ntchito yokonzanso njanje ya pakati pa Marka ndi Bangula.

Pa za ulimi, banja la kuno limakhala ndi minda iwiri ngati lingathe. Kumtunda, m'nyengo ya dzinja, limadzala mapira, mchewere, chitowe ndi thonje, mbewu zopirira chilala. Madzi akaphwa limatsikira kudimba kukadzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu pa chinyontho chotsala. Munda wakumtunda ukapsa ndi dzuwa, dimba ndilo limapulumutsa. Madimba akamira, anthu amayang'ana ku mapira. Zonse ziwiri zikakanika, amayi amalowa m'dambo kukazula nyika, ntchito imene yatayitsa miyoyo chifukwa cha ng'ona. Thonje ndilo linali mbewu ya ndalama kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, inkaligula m'misika yake. Mitengo yosakhazikika ndi kukwera mtengo kwa mankhwala opopera zafooketsa alimi ambiri. Ng'ombe ndi mbuzi ndiye banki ya munthu wa kuchigwa, ndipo zambiri zimakagulitsidwa ku Blantyre, pamodzi ndi milamba ndi makakana owamba.

Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anamiza midzi yambiri ndi kudula Makhanga. Mu Malichi 2019, nthawi ya namondwe Idai, anthu zikwizikwi, ena ochokera ku Mozambique, anasonkhana pa msasa wa pa Bangula. Namondwe Freddy anabwerezanso zomwezo mu Malichi 2023. Nkhani yosamutsa anthu kupita kumtunda ndi yovuta, pakuti mlimi amene akuuzidwa kuti achoke kudambo akudziwa kuti chakudya chake chili komweko.

Pulojekiti ya Shire Valley Transformation Programme, yothandizidwa ndi World Bank ndi African Development Bank, inakonzedwa kuti ipatutse madzi a Shire pa Kapichira ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000, ndipo Bangula ali kumapeto kwenikweni kwa ngalande imeneyi.