Mapulani a Likulu la Lilongwe ndi Chiyambi cha Malokeshoni Ake

Lilongwe ndi umodzi mwa mizinda ya mu Africa imene idayamba yajambulidwa pa pepala isanamangidwe. Koma pulaniyo isanabwere, ofesi ya boma la atsamunda idakhazikitsidwa m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo kamudzi ka pamalopo kadakula pang'onopang'ono chifukwa cha malonda a fodya. Azungu ankakhala kuzambwe kwa mtsinje, kumene lero kuli Area 3, amwenye adamanga masitolo awo kutsidya la kuvuma, ndipo anthu akuda adapatsidwa malo kunja kwa magulu awiriwa. Pa kalembera wa mu 1966, tauni yonse inali ndi anthu pafupifupi 19,000.

Ganizo losamutsa likulu kuchoka ku Zomba linali la Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwe ankanena kuti lidamufikira ali m'ndende ku Gwelo, pamodzi ndi maloto a yunivesite ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja. Chifukwa chimene boma linkapereka chinali chomveka: chuma chonse chidaunjikana ku Blantyre ndi ku Zomba, pamene chigawo chapakati ndi chakumpoto zidatsalira. Dziko la Britain lidakana kuthandiza. Ndalama zidachokera ku boma la tsankho la South Africa, lomwe mu 1968 lidabwereketsa Malawi ndalama zokwana 8 miliyoni randi. Chaka chomwecho kudakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation, ndipo akatswiri awiri a ku South Africa, Gerke ndi Viljoen, adapereka pulani yoyamba ya mzinda. Lilongwe idakhala likulu mu 1975.

Nzeru zimene zidalowa m'pulaniyi zidachokera kutali. Ku England, Ebenezer Howard adafalitsa mu 1898 ganizo la mzinda wokhala pakati pa mitengo ndi minda, wopanda kuthithikana kwa London. Kenaka kudabwera gulu la amisiri ojambula nyumba a ku Ulaya, mtsogoleri wawo wotchuka ali Le Corbusier, amene pa msonkhano wa mu 1933 adagwirizana kuti mzinda uli ndi ntchito zinayi: kugona, kugwira ntchito, kupuma ndi kuyenda. Ntchito iliyonse inkayenera kukhala ndi dera lakelake, ndipo misewu ikuluikulu ya galimoto ndiyo ilumikize maderawo. Nyumba nazo adazivula zokongoletsa zakale, nkutsala konkire, magalasi ndi mizere yowongoka. Brasília, likulu la Brazil lomwe lidatsegulidwa mu 1960, ndiwo mzinda umene udatsata chiphunzitsochi kwathunthu.

Ku Lilongwe chiphunzitsochi chimaonekera paliponse. Maunduna a boma adaikidwa pa Capital Hill m'nyumba zofanana, zotambalala, zobisika m'mitengo. Mabanki ndi maofesi adapita ku City Centre, mafakitale ku Kanengo, ndipo bwalo la ndege lidatsegulidwa ku Lumbadzi mu 1983. Pakati pa tauni yakale ndi yatsopano adasiyapo nkhalango yachilengedwe m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Nyumba yodziwika kwambiri ya nthawi imeneyo ndi ya Reserve Bank, yopapatiza pansi nkumatambasuka kumwamba ngati dengu, kotero kuti nsanjika iliyonse imachitira mthunzi mazenera a inzake ya m'munsi. Ngakhale maina a madera adachokera pa tebulo la wojambula: malo adapatsidwa manambala, ndipo manambalawo satsatana ndi mmene madera adayandikanira. Area 23 ili kummwera chakuvuma, Area 25 ili kumpoto kwenikweni, ndipo mlendo woganiza kuti ndi zoyandikana amasochera tsiku loyamba lomwe.

Pa nkhani ya malo ogona ndi pamene pulaniyi idaonetsa mtima wake weniweni. Lamulo silidagawe anthu potengera khungu monga zinkachitikira ku South Africa, koma lidawagawa potengera thumba. Akuluakulu a boma ndi akazembe adapatsidwa mapoloti aakulu ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, kufupi ndi Capital Hill, kumene anthu amangoti kumayadi. Ogwira ntchito m'boma apakatikati adalowa m'nyumba zomangidwa kale, monga za ku Area 18. Anthu wamba, amene anali ochuluka koposa, adawaika m'madera otchedwa Traditional Housing Areas. Kawale, Biwi ndi Mchesi, oyandikana ndi tauni yakale, ali m'gulu limeneli, pamodzi ndi Chilinde, Area 23 ndi Area 25, yomwe idagawidwa m'masekita kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Midzi imene inalipo kale pa malo omangapo likulu idasamutsidwa.

M'madera amenewa boma silinkamanga nyumba. Linkayeza poloti, kulambula msewu wafumbi, kuika mpopi wa anthu onse, basi. Zotsalazo zinali za mwini poloti. Pulani inkayembekeza banja limodzi pa poloti imodzi, koma zimene zidachitika ndi zina. Munthu ankayamba ndi kanyumba ka zidina zoumba ndi dothi la pabwalo pake pomwe, denga la udzu kapena malata akale otsindira ndi miyala. Akapeza kangachepe ankaotcha uvuni wa njerwa nkumanga nyumba yaikulu kutsogolo. Kuseri kunkabwera mdadada wa zipinda za lendi, chilichonse ndi khomo lake, onse okhalamo akugwiritsa ntchito chimbudzi chokumba chimodzi ndi bafa limodzi. Kumsewu nkutsegula zenera la okala yogulitsa sopo, mchere ndi mafuta ophikira oyeza m'timachubu. Poloti imodzi yomwe idajambulidwa kuti ikhale yogonapo chabe idasanduka nyumba, sitolo, shedi ya kalipentala ndiponso penshoni ya landilodi.

Mapoloti ovomerezeka sadakwanire ngakhale pang'ono. Mu 1977 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 99,000. Mu 1998 anali atapitirira 400,000. Kalembera wa mu 2018 adapeza 989,318. Amene adasowa poloti adapita kwa mafumu a midzi ya m'malire a mzinda, omwe ankagawa malo mwachikhalidwe. Umu ndi mmene Chinsapo adakulira chakunjira ya ku Likuni, Mtandire moyang'anizana ndi Area 47, Kauma kuseri kwa mayadi a Area 12, ndi Mgona pafupi ndi Kanengo, kumene amuna ambiri amasaka maganyu onyamula mabelo a fodya ndi matumba. Kumeneku kulibe mizere ya wojambula. Tinjira timakhota potsata mpanda wa munthu, madzi amagulidwa pa kiyosiki ndi ndowa, ndipo nyengo ya dzinja madzi a mvula amadzipezera okha njira pakati pa nyumba.

Cholakwika chachikulu cha pulani ya 1968 chinali kujambula mzinda wa anthu a galimoto m'dziko limene pafupifupi aliyense ankayenda pansi. Mitunda italiitali imene mkulu wa boma ankaiona ngati kukongola kwa mitengo, mlonda wochokera ku Chinsapo kupita ku Area 43 amaiyeza ndi miyendo yake kapena ndi ndalama ya minibasi ziwiri. Minibasi, kabaza wa njinga, ndipo masiku ano wa njinga yamoto, ndi zimene zidalumikiza zidutswa zomwe pulani idalekanitsa. City Centre imakhala zii ofesi zikatsekedwa, pamene moyo wa mzinda udakanirira ku tauni yakale: ku depoti, mu Malangalanga, ndi m'misika ya Tsoka ndi Lizulu m'mbali mwa mtsinje. Komabe si zonse zimene zidalephera. Misewu yotakasuka idasiya malo okuzira misewu pambuyo pake, mitengo yambiri idapulumuka, ndipo njira yopatsa munthu poloti kuti amange malinga ndi thumba lake idapezetsa mabanja ambiri malo awoawo, zomwe nyumba zomanga boma sizikadakwanitsa.

Bungwe la Capital City Development Corporation lidathetsedwa mu 1984, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 udindo woyang'anira madera a anthu wamba udachoka ku bungwe la nyumba la Malawi Housing Corporation kupita ku khonsolo ya mzinda. Nyumba ya Malamulo idatsalira ku Zomba mpaka 1994, ndipo idapeza nyumba yakeyake ku Lilongwe mu 2010, yomangidwa ndi thandizo la China. Chaka chomwecho, ndi thandizo la bungwe la JICA la ku Japan, kudatuluka pulani yatsopano yofika mpaka 2030, yomwe idawerengera madera ngati Chinsapo ndi Mgona kuti ndi mbali ya mzinda yofunika misewu, madzi ndi ngalande.