Tsiku limene a mfuti ananyanyala ntchito ku Dar es Salaam

Sitiraka n'chiyani?

Sitiraka ndi kunyanyala ntchito. Antchito amagwirizana kuika zida pansi mpaka bwana amve madandaulo awo. Nanga zimatha bwanji ngati onyanyalawo ndi anthu olondera mzinda?

Mu Seputembala 1919, apolisi oposa 1,100 a mumzinda wa Boston ku America ananyanyala chifukwa cha malipiro ochepa komanso kuletsedwa kukhala ndi bungwe lawo. Usiku womwewo anthu anathyola masitolo. Bwanamkubwa Calvin Coolidge anaitana asilikali, ndipo onyanyala aja sanabwezeredwenso pantchito.

Kuno ku Afirika nkhani yofanana nayo inachitika ku Dar es Salaam mu 1964. Kumeneko onyanyala anali asilikali.

Madandaulo

Tanganyika, dziko limene likulu lake linali Dar es Salaam, inalandira ufulu kuchokera ku Britain pa 9 Disembala 1961. Patapita zaka ziwiri, mabwana akuluakulu a asilikali anali adakali azungu a ku Britain. Msilikali wamba ankalandira mashilingi 105 pamwezi. Iwo ankafuna 260, komanso kuti Aafirika akwezedwe paudindo. Madandaulo amenewa anali omveka ndithu.

Pa 12 Januware 1964 boma la Sultani linagwetsedwa ku Zanzibar. Pulezidenti wa Tanganyika, Julius Nyerere, anatumizako gulu la apolisi kukathandiza kukhazikitsa bata. Choncho mu Dar es Salaam munatsala apolisi ochepa.

Lolemba la pa 20 Januware

Kusanache, asilikali a Tanganyika Rifles a pa kampu ya Colito anagwira mabwana awo achizungu. Mmodzi mwa atsogoleri awo anali Sajeni Francis Hingo Ilogi. Asilikaliwo analowa mumzinda, natseka misewu, nalanda nyumba youlutsira mawu ndi bwalo la ndege. Azungu aja anawakweza ndege ya ku Nairobi.

Nyerere ndi wachiwiri wake, Rashidi Kawawa, anabisala. Amene anatsala kuti alankhule ndi asilikali okwiyawo anali nduna Oscar Kambona. Kambona anali munthu wa ku Nyanja ya Malawi kuno: anabadwira pafupi ndi Mbamba Bay, tsidya lina la Nkhata Bay. Anawalonjeza kuti nkhani ya malipiro ikambidwa, mitima yawo n'kutsikako.

Koma mumzinda zinthu zinali zitasokonekera kale. Anthu ena anapezerapo mpata wakuba m'masitolo a Aluya ndi Amwenye, ndipo ena anaphedwa. Tsiku lotsatira asilikali a ku Tabora nawonso anagalukira mabwana awo. Sabata yomweyo zoterezi zinachitikanso ku Uganda ndi ku Kenya.

Loweruka la pa 25

Boma linamva kuti atsogoleri ena a mabungwe a antchito akukambirana ndi asilikaliwo, ndipo linaopa kuti apolisi alowerera. Nyerere anapempha thandizo ku Britain, dziko lomwe linali litangochoka kumene. Chinali chinthu chowawa kwa iye.

M'mawa wa pa 25 Januware, asilikali a ku Britain anatera ndi mahelikopita kuchokera pa sitima yankhondo ya HMS Centaur. Kampu ya Colito inagonja m'mawa womwewo. Pambuyo pake asilikali a ku Nigeria anabwera kudzalowa m'malo mwa a ku Britain.

Analipira ndani?

Ilogi analamulidwa kukhala m'ndende zaka 15. Gulu la Tanganyika Rifles linathetsedwa, ndipo pa 1 Seputembala 1964 panakhazikitsidwa gulu latsopano lotsogozedwa ndi Mirisho Sarakikya, mwana wa dziko lomwelo. Kampu ya Colito lero imatchedwa Lugalo.

Apolisi ena anachotsedwa ntchito. Atsogoleri ambiri a antchito anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Bungwe lalikulu la antchito, Tanganyika Federation of Labour, linathetsedwa, ndipo m'malo mwake boma linakhazikitsa bungwe limodzi lokha lotchedwa NUTA. Mlembi wamkulu wa bungwelo ankasankhidwa ndi pulezidenti.

Wonyamula katundu padoko sanagwire mfuti pa 20 Januware. Wantchito wa panjanji nayenso sanagwire mfuti. Komabe onsewa anataya bungwe lawo loima palokha chaka chomwecho cha 1964.