Mzati

Mzati ndi mtengo uja wa pakati pa nyumba yaudzu, umene phaso lonse limatsamirapo. Chiswe chikaudya, denga limagwa ngakhale makoma alimbe chotani.

Anthu a mpira anabwereka mawuwa. Pa bwalo la Maramba ku Livingstone, timu ikamangogonja, ochemerera amadandaula kuti ilibe mzati. Sanena wothamanga kuposa onse ayi, koma uja amene anzake amamuyang'ana zinthu zikathina. Mu mpira wa ku America, udindowu ndi wa quarterback.

Ndege itagwera m'nyanja ku Gabon mu 1993, n'kupha osewera 18 a Zambia, timu yatsopano inamangidwa pa wosewera Kalusha Bwalya monga mzati wake. Mu 1994 inafika ndime yomaliza ya chikho cha Africa, n'kugonja kwa Nigeria 2-1.